Nyumba ya malata yopanda siling'i ku Dedza: ndiyambire pati kuti izifunda ndi ndalama zochepa?

Funso: "Ndine mphunzitsi, ndipo ndinasamutsidwa kuchoka ku Salima kubwera ku Dedza zaka ziwiri zapitazo. Tinamanga nyumba ya njerwa zootcha ya zipinda zogona zitatu, yofolera ndi malata, koma ndalama zinatithera tisanaike siling'i komanso tisanapake pulasitala kunja. Mu Juni ndi Julaye m'nyumba mumazizira ngati pabwalo, ndipo m'bandakucha madzi amadontha kuchokera kumalata chonsecho mvula sinagwe. Ndimakhala ndi amayi anga omwe ndi okalamba komanso mwana wa chaka chimodzi ndi theka. Usiku timalowetsa mbaula kuchipinda, koma masiku ena timadzuka mutu ukuwawa. Kodi ndingachite chiyani ndi ndalama zochepa kuti nyumbayi izifunda?"

Yankho: Mayi, zikomo chifukwa chofotokoza vuto lanu mwatsatanetsatane, ndipo mtima ukhale m'malo, pakuti nyumba yanu sinamangidwe molakwika, yangotsala pang'ono kutha. Pa zaka zoposa 20 zomwe ndakhala ndikumanga ndi kukonza nyumba m'madera okwera a dziko lino, ndaona kuti nyumba zambiri zozizira sizisowa moto wambiri koma zimangotaya kutentha komwe zili nako kale, ndipo malo omwe kutenthako kumathawira ndi odziwika. Zambiri mwa zimene ndifotokoze mungathe kuzichita pang'onopang'ono, chipinda chimodzi pa nthawi, popanda kutenga ngongole.

Koma tisanafike ku zomangamanga, pali chinthu chimodzi m'kalata yanu chomwe sichingadikire malipiro a mwezi wamawa. Mbaula ituluke m'chipinda chogona kuyambira usiku wa lero. Mutu umene mumadzuka nawowo n'kutheka kwambiri kuti ukuchokera ku mpweya wa carbon monoxide, womwe makala amatulutsa akamayaka pamalo osapita mphepo. Mpweyawu ulibe fungo, ulibe mtundu, ndipo sutsokomoletsa ngati utsi wa nkhuni, n'chifukwa chake umapha anthu ali m'tulo osazindikira kanthu. Ukalowa m'mapapo umagwirana ndi magazi mwamphamvu kuposa mpweya wa okosijeni koposa maulendo 200, motero magazi amayenda m'thupi koma osanyamula mpweya wokwanira kupita ku ubongo ndi ku mtima. Anthu ambiri amakhulupirira kuti makala akayaka n'kufiira, utsi n'kutha, ndiye kuti ngozi yatha, koma zimenezi si zoona ngakhale pang'ono, chifukwa makala ofiira bwino amapitirizabe kutulutsa mpweyawu mpaka atasanduka phulusa. Ena amaika beseni la madzi pafupi ndi mbaula poganiza kuti madziwo ayamwa poizoni, koma madzi sayamwa mpweya umenewu. Ndikunenetsa chonchi chifukwa malangizo onse otsatirawa ndi otseka mipata ya nyumba, ndipo nyumba yotsekedwa bwino yokhala ndi mbaula mkati ndi yoopsa kuposa nyumba ya mipata yomwe muli nayo panopa. Kunena mosabisa, mwina mipata yomweyo ndi imene yakhala ikukupulumutsani.

Ngati tsiku lina wina m'nyumbamo adzuka ndi mutu, chizungulire, nseru, kufooka kapena kusokonezeka maganizo pamene munali makala oyaka, tsegulani zitseko ndi mawindo, mutulutseni panja, ndipo mupite naye kuchipatala msanga n'kukafotokoza kuti munali mbaula, kuti akaone ngati akufunika kupatsidwa okosijeni. Kumumwetsa mkaka sikuchotsa mpweyawu m'magazi. Ana aang'ono, amayi oyembekezera ndi okalamba ndi omwe amayamba kugonja, ndipo mwana wa msinkhu wa wanuyo sangathe kunena kuti mutu ukumuwawa, amangogona mopitirira muyeso kapena kulira mofooka.

Tsopano tione chifukwa chomwe nyumba yanu ikuzizirira. Tauni ya Dedza ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600 kuchokera pa mlingo wa nyanja yamchere, pamene Salima ili pa mamita pafupifupi 500. Munthu akakwera mamita 1,000, kutentha kwa mpweya kumatsika ndi madigiri pafupifupi 6, choncho nyumba yomwe ingakhale yabwinobwino ku Salima imasanduka yozizira ikamangidwa mofanana ku Dedza, ku Bembeke, ku Tsangano kapena ku Mzuzu. Mu Juni ndi Julaye, m'bandakucha kutentha kwa panja kumatsika kufika pansi pa madigiri 10 kawirikawiri, pamene bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO, mu ndondomeko zake za nyumba ndi thanzi za mu 2018, limalangiza kuti kutentha kwa m'nyumba kusamatsike pansi pa madigiri 18 m'nyengo yachisanu. Mwina mwaonanso kuti usiku wozizira kwambiri ndi uja kumwamba kumayera nyenyezi zili mbee, osati wa mitambo. Mitambo imabweza kutentha komwe nthaka ikutulutsa, koma kukayera kutenthako kumangopita kumwamba, ndipo chinthu chomwe chimataya kutentha mofulumira kuposa zonse pa nyumba yanu ndi malata.

Lata ndi chitsulo chopyapyala chosakwana ngakhale milimita imodzi, ndipo silisunga kutentha kapena kukutchinga. Masana limatentha msanga, usiku limazizira msanga, mpaka nthawi zina limazizira kuposa mpweya wa panja. Mpweya wofunda ndi wopepuka, motero kutentha konse kochokera m'matupi anu, ku chakudya chophikidwa ndi ku makoma omwe anawombedwa ndi dzuwa kumakwera, n'kukagunda lata lozizira, n'kutsikanso kutazizira. Madzi odontha aja amachokeranso pomwepo. Si denga lomwe likudontha, koma chinyezi cha m'nyumba momwemo, chochokera ku mpweya womwe mumapuma, ku nthunzi ya mphika ndi ku zovala zoyanikidwa mkati, chomwe chimasanduka madzi chikakhudza chitsulo chozizira, monga momwe botolo la chakumwa chozizira limachitira thukuta likatuluka mufiriji. Apa ndimakonda kukumbutsa anthu za nyumba za agogo athu, za zidina kapena zophoma ndi dothi, zofolera ndi udzu wochindikala. Nyumba zimenezo zinali ndi mavuto ake, koma chisanu sichinali chimodzi mwa iwo, chifukwa udzu umasunga mpweya wosayenda pakati pa timapesi take, ndipo mpweya wosayenda ndiwo umatchinga kutentha kuposa chinthu china chilichonse chotsika mtengo. Titachotsa udzu n'kuika malata tinapeza denga lolimba, koma tinataya chofunda cha nyumba, ndipo ntchito ya siling'i ndi kubwezeretsa chofundacho.

N'chifukwa chake ndalama zanu zoyamba zipite ku siling'i, ndipo musadikire kuti mupeze zokwanira nyumba yonse. Sankhani chipinda chimodzi kapena ziwiri zomwe mumagona inu, mwana ndi amayi anu, makamaka chaching'ono, chifukwa chipinda chaching'ono chimafunda ndi kutentha kwa matupi okha. Chipinda cha mamita 3 m'litali ndi 3 m'lifupi chili ndi masikweya mita 9, ndipo bolodi imodzi ya siling'i ya muyeso wa mamita 1.2 ndi 2.4 imakuta masikweya mita ochepera pang'ono pa 3, kotero mabolodi anayi akukwanirani n'kutsalako zidutswa. Onjezerani timatabwa tokhomerapo mabolodiwo, misomali, ndi malipiro a kalipentala a tsiku limodzi kapena awiri. Ku Dedza muli ndi mwayi woti matabwa a paini amapezeka pafupi, ndipo timatabwa ta siling'i sitifunika kukhala tokongola popeza tibisika, bola tikhale touma ndi topakidwa mankhwala oteteza ku chiswe ndi anankafumbwe. Sinditchula mitengo ya zinthuzi chifukwa ikusintha mwezi ndi mwezi, koma mukapita kusitolo ya zomangira ndi miyeso ya chipinda chanu papepala simudzagula zopitirira. Onetsetsani kuti siling'i yagundana ndi makoma mbali zonse zinayi, ndipo ngati makoma ogawa zipinda sanafike pamwamba, siling'iyo ndi imene itseke njira ya mphepo yochokera kubalaza.

Ngati mabolodi sangatheke chaka chino, pali njira yomwe ndaigwiritsapo ntchito kangapo ndipo sindichita nayo manyazi. Kokani mawaya olimba kapena ikani nsungwi zowongoka kuchokera khoma lina kufika lina, motalikirana theka la mita, kenaka yalani mphasa za bango pamwamba pake, ndipo pamwamba pa mphasazo yalani pepala la pulasitiki lochindikala, lija timaika pansi pa udzu pofolera. Mphasa yokha imalola mphepo kudutsa m'mipata yake, pulasitiki yokha imagwa pakati n'kumachita phokoso, koma ziwirizi zikaphatikizana zimagwira ntchito yoposa mtengo wake. Pulasitikiyo imaletsa mpweya wofunda kukwera, imatchinga chinyezi kuti chisafike ku malata, ndiponso imalandira madontho ochepa omwe angagwe. Polumikiza mapepala awiri, lina likwere pa linzake ndi masentimita osachepera 20. Siling'i ya bango yolukidwa mwaluso imaoneka bwino moti malo ena ogona alendo amaiika dala, ndipo anthu ena omwe ndinawaikira ngati ya kanthawi sanaichotsenso.

Siling'i payokha imathandiza kwambiri, koma imathandiza koposa ikayalidwa chofunda pamwamba pake. Chodalirika ndi chija chogulitsidwa m'mipukutu, chooneka ngati thonje koma chopangidwa kuchokera ku galasi, chomwe sichiyaka moto ndipo chiswe sichidya. Kuchindikala kwa masentimita 5 kumasintha kale chipinda, ndipo 10 ndi kwabwino koposa. Poyala, valani magolovesi, malaya a manja aatali ndi chotchinga pamphuno chifukwa chimayabwa, ndipo musachipondereze, pakuti mphamvu yake ili mu mpweya womwe chasunga. Palinso pepala lonyezimira ngati siliva lomwe limaikidwa pansi pa malata. Limeneli ndi labwino kwambiri pobweza kutentha kwa mu Okutobala, ndipo limathandizako pa chisanu, koma limagwira ntchito pokhapokha mbali yonyezimirayo yayang'ana mpata wa mpweya, osati itagundana ndi chinthu china, ndipo nthawi yoyenera kuliika ndi pofolera.

Anthu amandifunsa kawirikawiri za udzu wouma, utuchi, mankhusu a mpunga ndi makatoni, popeza zimenezi n'zaulere kapena zotsika mtengo. Zoona zake n'zakuti zonsezi zimatchinga kutentha, koma ine sindizikonda m'denga la nyumba yokhala ndi magetsi. Zimayaka msanga, makoswe amamangamo zisa, ndipo utuchi ukanyowa umalemera n'kuwoletsa siling'i. Ndinaitanidwapo kukakonza nyumba ina yomwe mwini wake anayala makatoni ndi udzu pamwamba pa mawaya olumikizidwa ndi tepi yokha, ndipo titakwera tinapeza makoswe atatafuna chikopa cha waya, makatoni ozungulira malowo atada kale ndi kutentha. Banjalo linapulumuka chifukwa chakuti fungo linamveka masana. Ngati nyumba ilibe mawaya a magetsi m'denga ndipo mwasankha njira imeneyi, zinthuzo zikhale zouma kotheratu, ziikidwe m'matumba osokedwa kukamwa, ndipo muzikwera kukaziona chaka chilichonse mvula isanayambe.

Musanatseke denga, chitani zinthu zitatu izi. Yang'anani mabowo a misomali masana, pomwe kuwala kukulowera, ndipo muwamate, chifukwa dontho lomwe lero mukuliona n'kutchera beseni lidzabisika n'kuwononga siling'i mwakachetechete. Mawaya onse a magetsi alowe m'mapaipi ake, ndipo ntchitoyi igwiridwe ndi mmisiri wa magetsi wokhala ndi chilolezo cha bungwe loyang'anira za magetsi ndi mafuta la MERA, osati mnyamata wa pafupi yemwe amangodziwa kulumikiza babu. Chachitatu, pamwamba pa siling'i pasiyidwe timabowo topitira mphepo kumakoma a m'mbali, totchingidwa ndi sefa wa waya. Malo a pakati pa siling'i ndi malata ayenera kupuma kuti chinyezi chiziuma, ndipo sefayo ndi woletsa mileme, yomwe ikangolowa m'siling'i fungo lake limavuta kuchotsa.

Pambuyo pa denga, mdani wachiwiri ndi mphepo yolowera m'mipata, ndipo apa ndi pomwe ndalama zochepa kwambiri zimagwira ntchito yaikulu. Kuyambira Meyi mpaka Ogasiti mphepo ya mwera imaomba kuchokera kummwera chakummawa, ndipo ikapeza mpata mbali imodzi ya nyumba ndi wina mbali inayo, imatulutsa mpweya wonse wofunda m'mphindi zochepa. Kuti mudziwe pomwe ikulowera, tsekani zitseko ndi mawindo masana, muime mkati n'kuona paliponse pomwe kuwala kukuonekera. Madzulo kukamaomba mphepo, nyowetsani kuseri kwa dzanja n'kuliyendetsa m'mphepete mwa mafelemu, ndipo mudzamva kuzizira pomwe pali mpata. M'nyumba zambiri zosatha, mpata waukulu uli pakati pa mutu wa khoma ndi malata, pomwe amisiri amayenera kumangapo njerwa zotsekera zomwe amazitcha beam filling. Ngati chipinda chilibe siling'i, kutseka pamenepa ndi zidutswa za njerwa ndi matope ndi ntchito ya tsiku limodzi, ndipo kumaletsanso makoswe ndi fumbi.

Pansi pa chitseko cha panja nthawi zambiri pamakhala mpata wolowa chala, ndipo mpata wa sentimita imodzi pa chitseko cha masentimita 80 ndi wofanana ndi bowo lomwe mungalowetsemo chibakera. Dulani chubu chakale cha tayala la galimoto, muchikhomere m'munsi mwa chitseko ndi kathabwa kopyapyala kuti mphirayo izikhudza pansi. M'mbali mwa felemu khomani timizere ta chubu cha njinga kapena matani siponji yopyapyala. Zitseko za m'zipinda zimangofunika kathumba kakatali kosokedwa kuchokera ku mwendo wa buluku lakale, kodzaza mchenga wouma, koika pansi pa chitseko usiku. Pomwe felemu ya chitsulo yasiyana ndi khoma, matani ndi simenti pang'ono.

Mawindo amataya kutentha m'njira ziwiri, kudzera m'mipata ndi kudzera mu galasi lenilenilo. Ngati putty wogwira magalasi wauma n'kugwa, bwezeretsani, ndipo galasi losweka lisinthidwe m'malo momatidwa ndi katoni chaka ndi chaka. Mawindo a magalasi opendekera, aja a ma louvre, ndi abwino ku Salima koma ku Dedza ndi ovuta chifukwa satsekeka kwenikweni. Pa amenewa, pangani felemu yopepuka ya timatabwa, mukokepo pulasitiki yoonekera mkati, n'kuikhomera mkati mwa windo mosiya mpata wa sentimita imodzi kapena awiri kuchokera ku galasi. Mpweya wotsekeredwa pamenepo umagwira ntchito ngati galasi lachiwiri, ndipo felemuyo mudzaichotsa mu Sepitembala n'kuisunga. Makatani nawo ndi ofunika kuposa momwe anthu amaganizira, koma akhale olemera. Bulangete lakale kapena la pa kaunjika losokeredwa kuseri kwa katani yomwe muli nayo kale ndi lokwanira. Katani ipitirire windo mbali zonse, ifike pansi kapena igone pa khoma m'munsi mwa windo, ndipo pamwamba pake patsekedwe ndi kathabwa, chifukwa ikasiya mpata pamwamba ndi pansi, mpweya wofunda umalowa pamwamba, n'kuzizira pa galasi, n'kutulukira pansi molunjika kumapazi.

Pochita zonsezi musafike potseka nyumba ngati botolo. Timabowo ta mpweya tomwe amisiri amasiya pamwamba pa mawindo tili ndi ntchito, ndipo ndimaona anthu ambiri akutitseka tonse ndi nyuzipepala mu Juni, kenaka mu Ogasiti n'kumadabwa ndi madontho akuda a chuku m'makona ndi kuseri kwa kabati. Mungathe kuphimba ta mbali yomwe mwera ukuomba, koma chipinda chilichonse chogona chitsale ndi kabowo kamodzi kotseguka, ndipo ta kukhitchini ndi kubafa tisakhudzidwe n'komwe. Tsiku lililonse dzuwa likakwera, tsegulani mawindo kwa mphindi 15 kapena 20 kuti chinyezi cha usiku chituluke. Mpweya wouma umafunda msanga kuposa wa chinyezi, ndipo zofunda zonyowa ndi mame a m'nyumba zimazizira ngakhale zitachindikala bwanji. Matewera ndi zovala za mwana ziyanikidwe panja kapena pakhonde, osati m'chipinda chogona.

Moto waulere womwe muli nawo ndi dzuwa, ndipo Juni ndi Julaye ndi miyezi ya masiku ambiri owala. Popeza dziko lathu lili kummwera kwa equator, mzere wongoyerekeza wogawa dziko lapansi pakati, m'miyezi imeneyi dzuwa limadutsa chakumpoto, ndipo ku Dedza, chakumapeto kwa Juni, masana enieni limakwera madigiri pafupifupi 52 okha kuchokera pansi, m'malo mokhala pa liwombo monga limachitira kumayambiriro kwa dzinja. Izi zikutanthauza kuti khoma ndi mawindo oyang'ana kumpoto amalandira dzuwa pafupifupi tsiku lonse, pamene mbali ya kummwera imakhala mu mthunzi. Mukaima kuyang'ana kotulukira dzuwa, kumpoto ndi kudzanja lanu lamanzere. Chipinda cha mbali imeneyo ndicho chiyenera kukhala cha amayi anu ndi mwana m'nyengo yachisanu, ngakhale zitafunika kusinthana zipinda, ndipo n'chomwe chiyambe kulandira siling'i. Makatani a mbali imeneyo atsegulidwe m'mawa kuti dzuwa ligunde simenti ya pansi ndi makoma, zomwe zimasunga kutentha n'kumakutulutsa pang'onopang'ono usiku, kenaka zonse zitsekedwe cha m'ma 4 koloko madzulo, dzuwa lisanalowe. Anthu ambiri amatseka mdima utagwa, kutentha kutathawa kale. Ngati pali mtengo wa masamba osayoyoka womwe ukutchinga mbali ya kumpoto, sadzani nthambi za m'munsi, ndipo mukafuna kubzala wina mbali imeneyo sankhani pichesi, yemwe amachita bwino ku Dedza ndi ku Ntcheu ndipo amayoyola masamba nthawi yozizira n'kuphukanso kukayamba kutentha. Malata oonekera kuwala sindikulangizani kuika m'chipinda chogona, chifukwa usiku amataya kutentha ndipo mu Okutobala amawotcha.

Za makoma sinditalikitsa. Njerwa zosapakidwa pulasitala, makamaka zomangidwa ndi matope, zimakhala ndi timing'alu tambirimbiri tolowa mphepo. Simukufunika kupaka nyumba yonse nthawi imodzi. Yambani ndi khoma la kummwera ndi la kummawa, komwe mwera umagunda, ndipo thumba limodzi la simenti la makilogalamu 50, losakanizidwa ndi miyeso 6 ya mchenga pa muyeso umodzi wa simenti, limapaka masikweya mita pafupifupi 10. Ngati simenti sinapezeke, kuzira ndi dothi labwino kumatsekanso ming'aluyo kwa chaka chimodzi. Mpanda wa udzu kapena wa zigwagwa womangidwa mamita angapo kuchokera ku nyumba, mbali yomweyo ya mwera, umafooketsa mphepo isanafike pa khoma, ndipo mpanda wolola mphepo pang'ono kudutsa umachita bwino kuposa wotsekeratu, womwe umachititsa mphepo kudumpha n'kugwera kuseri kwake.

Simenti ya pansi imakoka kutentha kwa chilichonse chogundana nayo, ndipo mwana wa chaka ndi theka amathera nthawi yake yambiri pansi pomwepo. Yalani mphasa kapena mkeka, ndi matumba kapena makatoni pansi pake, pamalo omwe amasewera ndi pambali pa bedi, koma muzisiya poyera pomwe dzuwa limagunda masana. Matiresi asagone pa simenti mwachindunji. Ngati palibe bedi, aikeni pa matabwa okwezedwa pang'ono, ndipo bedi lisunthidwe masentimita 10 kapena kuposerapo kuchokera ku khoma la panja. Bulangete limodzi loyalidwa pansi pa munthu nthawi zambiri limathandiza kuposa lachitatu lofunda pamwamba.

Mwina mukufunsa kuti nanga mbaula ikatuluka, chilowe m'malo mwake n'chiyani. Gwiritsani ntchito moto womwewo, koma panja kapena kukhitchini kotseguka. Mukatha kuphika chakudya chamadzulo, tenthetsani madzi, osafika powira, muwathire m'botolo lolimba lotsekeka bwino, mulikulunge mu nsalu n'kuliika m'zofunda theka la ola musanagone. Njerwa youma yotenthetsedwa pambali pa moto n'kukulungidwa mu chitenje chakale imachita chimodzimodzi. Pa bedi la mwana chotsani botolo kapena njerwayo musanamugoneke, mumuveke zovala zopyapyala zingapo zosanjikiza, ndipo nkhope yake isaphimbidwe. Amayi anu avale chipewa ndi masokosi pogona, ndipo ngati ali ndi matenda a shuga samalani kwambiri ndi botolo lotentha kumapazi, chifukwa ena samva kupsa. Hita ya magetsi ndi yotetezeka kuposa makala pa nkhani ya mpweya, koma werengani kaye mayunitsi. Hita ya mawati 2,000 imadya mayunitsi awiri pa ola, choncho kuiyatsa maola 5 usiku uliwonse ndi mayunitsi 300 pa mwezi, ndipo m'chipinda chopanda siling'i kutenthako kumangopita ku malata. Ndalama za mayunitsi amenewo pa miyezi iwiri n'zabwino kuziika pa mabolodi. Mukadzaigula, ilumikizidwe pa soketi ya pakhoma, osati pa chingwe chowonjezera, ikhale kutali ndi makatani ndi neti ya udzudzu, ndipo izimitsidwe pogona. Mahita a gasi ndi a parafini nawonso amatulutsa mpweya woipa ndi chinyezi, choncho sayenera kuyaka m'chipinda chomwe anthu akugona.

Ndikanakhala ine, sabata ino ndikanatulutsa mbaula, kusamutsira amayi ndi mwana kuchipinda cha kumpoto, kutseka pansi pa zitseko ndi kusoka makatani, pakuti zimenezi sizifuna mmisiri. Malipiro otsatira ndikanaika siling'i m'chipinda chimenecho, kenaka m'chachiwiri, ndipo pulasitala wa khoma la mwera ndikanamusiyira chaka chamawa. Siling'iyo mudzaiyamikiranso mu Okutobala ndi Novembala, pamene malata omwewo amasandutsa nyumba kukhala uvuni.

Pali zina zomwe simuyenera kuzichita nokha. Ngati mitengo ya denga yapindika, yadyedwa ndi chiswe kapena ndi yopyapyala, kalipentala wodziwa ntchito aione kaye isanasenzetsedwe siling'i, makamaka ya mabolodi olemera a gypsum. Ngati m'munsi mwa makoma mumakhala monyowa ngakhale m'chilimwe, utoto n'kumasupuka kapena mchere woyera n'kumatuluka pa njerwa, ndiye kuti chinyezi chikukwera kuchokera m'nthaka, ndipo mmisiri ayang'ane maziko ndi ngalande zozungulira nyumba, chifukwa khoma lonyowa silifunda ngakhale mutachita zonse zomwe ndafotokozazi. Soketi yomwe ikutentha, kununkha kapena kuthetheka izimitsidwe mpaka wa magetsi atabwera. Kwa mwana, thamangirani kuchipatala ngati akupuma mofulumira, kufika maulendo 40 kapena kuposerapo pa mphindi imodzi pa msinkhu wakewu ali phee, ngati chifuwa chikulowa mkati m'munsi mwa nthiti akamakoka mpweya, kapena ngati akukana kuyamwa ndi kumwa, pakuti izi zingakhale zizindikiro za chibayo. Amayi anu, ngati amamwa mankhwala a kuthamanga kwa magazi, akayezetse m'miyezi imeneyi chifukwa kuzizira kumakweza BP, ndipo akapezeka m'mawa atazizira thupi, akuyankhula mosamveka kapena akusinza mosadziwika bwino, afunditseni n'kupita nawo kuchipatala nthawi yomweyo. Inunso, ngati mutu upitirira kuwawa patatha masiku angapo mbaula itatuluka, kaonaneni ndi dokotala ndipo mukamuuze kuti mwakhala mukugona ndi makala oyaka kwa nthawi yaitali bwanji.